Apongozi Anga ndi Apongozi a ku Indiya

Apongozi anga anabwera kunyumba kwathu ku esiteti chifukwa cha maso. Anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo amuna anga, omwe amakonza makina ku fakitale ya tiyi, anakawatenga kumudzi ku Khonjeni kuti adzaonane ndi madokotala. Tinagwirizana kuti akangochira abwerera, poti mbuzi zawo ndi munda wa nandolo anazisiya m'manja mwa alamu anga, omwe sankawakhulupirira kwenikweni. Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lomwe anawamatula thonje pa diso lachiwiri, anamwazamwaza maso pabalaza pathu n'kunena kuti makatani anga ndi akuda kuposa momwe ankaganizira. Kenako anacheukira pa tivi, pomwe panali mtsikana wachimwenye akulira pa masitepe, ndipo anandifunsa kuti mwanayo wamumenya ndani.

Ine filimuyo sindinkaitsatira. Ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ya pa esiteti pomwepo, ndipo tivi ndinkangoiyatsa kuti m'nyumba muzimveka anthu pamene ndikuchonga makope. Inali imodzi mwa mafilimu achimwenye osatha aja, oonetsedwa tsiku ndi tsiku dzuwa likapendeka, anthu ake akuyankhula Chingerezi chochita kuikiramo, milomo ikunena zina mawu akunena zina. Ndinayankha kuti sindikudziwa. Iwo anati popeza Chingerezi ndinaphunzira, ndiike makopewo pansi ndimvetsere. Ntchito yanga yomasulira inayamba chonchi, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikuifuna.

Nkhani yake inali ya mtsikana wa kwa anthu osauka amene anakwatiwa m'banja lolemera. Nyumba yake inali yaikulu ngati tchalitchi, ndipo mbumba yonse inkagona momwemo, agogo, amalume, azilamu ndi ana awo. Wolamula anali mayi wa mwamuna, mzimayi wa maso akuluakulu ndi dontho lofiira pachipumi, amene ntchito yake inali kuima pamwamba pa masitepe n'kumayang'ana pansi. Mbale ikagwa m'nyumbamo, ankationetsa nkhope ya munthu aliyense payekhapayekha, kubwereza ndi kubwereza, uku kukumveka kugunda ngati mabingu. Tsiku loyamba apongozi anga anamva kugundako n'kutuma mwana wanga kuti akaanule zovala.

Sipanatenge nthawi kuti ayambe kuwadziwa anthu a m'nyumbamo kuposa abale awo. Maina sankavutika nawo. Mtsikanayo anali “mwana wathu uja”, mwamuna wake anali “chitsiru chokongola chija”, ndipo mayi wa pa masitepe analibe dzina lomwe ndingalembe pano, poti akafika pa iyeyo apongozi anga ankasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe. Panali zinthu zomwe sankazimvetsa ngakhale ndifotokoze bwanji. Kwathu kuno mwamuna ndi amene amasamuka kukamanga kwa mkazi, ndiye zoti mtsikana asiye mayi ake akulira n'kukakhala pakati pa alendo zinkawaoneka ngati kutaya mwana. Nditawauza kuti bambo a mtsikanayo ndi amenenso anapereka katundu pa ukwatiwo, anandiuza kuti ndamasulira molakwika. Munthu sangapereke mwana n'kuperekanso galimoto. Ankadabwanso kuti azimayi amenewa amagona ndi ndolo ndi mikanda, amadzuka nkhope zili zopakapaka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo akunyamula khasu. Mpunga wonse uja ankalima ndani?

Chomwe chinkandisangalatsa ine chinali china. Apongozi anga ankamukalipira mayi wa pa masitepe uja ndi mtima wonse, kumuuza kuti mwana wa eni samuzunza chonchi, kuti tsiku lina adzadwala ndipo womusambitsa adzakhala yemweyo. Filimu ikatha ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti ndiwo za masana zinalibe mchere, kuti mpunga ndimautsuka ngati ndikuuopa, ndiponso kuti mwana mmodzi si banja. Sankaona kufanana kulikonse. Amuna anga akakhalapo pa nthawi imeneyo ankatuluka msangamsanga kukaona njinga yawo, yomwe inalibe vuto lililonse.

Za kubwerera ku Khonjeni zinayamba kuvuta. Poyamba diso la kumanzere linkayabwa. Kenako anati mphepo ya pa kabaza ingawononge ntchito ya madokotala. Chitsiru chokongola chija chitagwera mu mtsinje ndi galimoto, ananena poyera kuti sachoka mpaka thupi litapezeka. Pofika nthawi imeneyo pabalaza panga panali patasanduka bwalo. Azimayi a m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti, ankabwera akaweruka kothyola tiyi, madengu n'kusanja pakhonde, manja akununkha masamba aiwisi. Ine ndinkamasulira kwa apongozi anga, iwo n'kumasuliranso kwa azimayiwo ataonjezera zawo. Magetsi akazima pakati pa filimu, ankangopitiriza okha nkhaniyo momwe ankaonera kuti iyenera kuthera, ndipo ena ankati yawoyo ndiyo inkakoma.

Chaka chomwecho ku fakitale kunabwera injiniya watsopano wochokera ku Indiya, ndipo amuna anga ankagwira ntchito pansi pake. Amwenye si achilendo kwa ife, timawaona m'masitolo ku Limbe chibadwire, koma apongozi anga anati amenewo ndi a konkuno. Awa ndiwo anali enieni, ochokera komwe kuli masitepe. Atamva kuti bamboyo wabwera ndi mkazi wake, anayamba kukhala pakhonde m'mawa uliwonse kuyang'ana msewu wotsika kuchokera ku nyumba za mabwana.

Anamuona Loweruka lina kukuchita nkhungu. Anali mzimayi wa msinkhu wanga, wamfupi, wometa tsitsi ngati mnyamata, atavala buluku ndi nsapato zothamangira, akuyenda ndawala pakati pa minda ya tiyi. Analibe ndolo, analibe chibangili, chipumi chili mbee. Apongozi anga analowa m'nyumba mwakachetechete. Madzulo ake ndi pomwe anandiuza zomwe anapeza: mwanayo anachita kuthawa. Apongozi ake anamulanda zonse, mpaka kumumeta, ndipo mwamuna wake anamubweretsa kuno ku Thyolo kuti apumeko. Ndinayesa kunena kuti mwina amangokonda tsitsi lalifupi. Anandiyang'ana momvetsa chisoni, ngati munthu amene waonera filimu miyezi yonseyi osaphunzirapo kanthu.

M'mawa mwake anapatsa amuna anga thumba la nandolo wouma amene anabwera naye kuchokera kumudzi, ndi mapeyala a mumtengo wathu, kuti akapereke kwa bwana wawo. Amuna anga anakana, anati ku ntchito sachita zimenezo. Komabe anapita nalo. Patapita masiku angapo anabwera ndi uthenga woti mkazi wa bwanayo wasangalala kwambiri, akuti nandolo ndiye ndiwo za kwawo za tsiku ndi tsiku, ndipo akutiitana kukamwa tiyi Lamulungu masana, ine ndi apongozi anga.

Kukonzekera kwake kunali ngati kwa ukwati. Apongozi anga anavala chitenje chawo chatsopano, china n'kuponya paphewa mopingasa monga amachitira a pa tivi. Anandibwereka lipisitiki, ine n'kuganiza kuti ndi ya milomo. Nditalowa kuchipinda ndinawapeza pagalasi ali ndi kadontho pachipumi. Anakayang'ana kwa kanthawi, kenako anakafufuta okha, akuti a mpingo angamve. Panjira yokwera, pansi pa mabulugamu, anandilangiza kuti tikafika ndisafunse za apongozi ake mwachindunji, chifukwa munthu wozunzika samufunsa choncho. Ndiwasiyire iwowo.

Mayi uja anatichingamira pa geti, buluku lomwe lija. Ine ndinatambasula dzanja. Koma iye anandidutsa, anafika pamaso pa apongozi anga, anawerama n'kukhudza mapazi awo. Ndinachita mantha kuti adumpha. Ayi ndithu. Anaika dzanja lawo pamutu wometa uja mwaulemerero, ngati kuti anthu akhala akuwagwira mapazi kuyambira ali mtsikana, n'kundiyang'ana ine ndi diso lomwe madokotala anakonza bwino kwambiri.

M'nyumbamo munawakhumudwitsa pang'ono. Inali nyumba yakale ya esiteti, ya malata ofiira, mipando ya kampani, mabuku ali mbwee patebulo ndi kompyuta yotsegula. Mayiyo anati amagwirabe ntchito yake ya ku Indiya pa kompyutapo, yowerengera za makampani. Apongozi anga anasuzumira mu kakhonde ka kuzipinda n'kundinong'oneza kuti ndifunse komwe kuli masitepe. Sindinafunse. Tiyi anabwera wophikira pamodzi ndi mkaka ndi jinja, wotsekemera kwambiri, pamodzi ndi timakeke ta nandolo wawo yemwe uja, tokazinga ndi anyezi ndi tsabola. Analawa, anakhosomola, anamwera madzi, anatenganso kena.

Kenako anayamba ntchito yomwe anabwerera. Ananditumiza mafunso mozungulira. Kodi kwawo anthu ali bwanji? Nanga makolo a bambo? Amayi awo a bambo alipo? Ali ndi mphamvu? Mayiyo anayankha kuti alipo, mphamvu ali nazo zopitirira, ndipo amamuimbira foni tsiku lililonse. Apongozi anga anagwedeza mutu mwachisoni, kuti ngakhale kuno akumutsatirabe. Apa ndinaona kuti ndi bwino ndingonena zoona, ndipo ndinamufotokozera mayiyo za filimu ija, za mayi wa pa masitepe, ndi za zomwe tsitsi lake linatiuza.

Anaseka mpaka anaika kapu pansi. Anati tsitsi anameta yekha ali ku koleji, mafilimu amenewo saonera chifukwa amamupweteketsa mutu, koma pali munthu mmodzi amene saphonya ndi tsiku limodzi lomwe, ndiye apongozi akewo. Anayang'ana wotchi, anati kwawo ndi madzulo, ali pakhomo. Tisanayankhe n'komwe anali atatenga foni yoonana nkhope n'kuitsamiritsa pa botolo la shuga.

Pa foniyo panatuluka gogo wowonda wa magalasi okhuthala, tsitsi loyera lomangira kumbuyo, atakhala pa mpando wa pulasitiki akusenda adyo. Kumbuyo kwake kunali ndowa ndi zovala zoyanika pa chingwe. Dontho pachipumi linalipo, ndipo apongozi anga anakhazikika mtima pang'ono. Gogoyo Chingerezi sankadziwa, choncho mawu ankayenda ulendo wautali: apongozi anga kwa ine m'Chichewa, ine kwa mayi uja m'Chingerezi, iye kwa gogoyo m'chiyankhulo cha kwawo, kenako kubwerera njira yomweyo.

Atangomva filimu yomwe tikunena, gogoyo anasiya adyo. Anati imeneyo kwawo inatha kalekale, zaka zapitazo, ndipo anaionera yonse. Nditamasulira zimenezi apongozi anga anasendera kutsogolo. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati thupi linapezeka. Gogoyo anayankha nthawi yaitali, akutambasula manja. Yankho litafika kwa ine linali lakuti mnyamatayo sanafe. Anatoledwa ndi asodzi, madokotala anamupatsa nkhope ina, anaiwala dzina lake, anakwatira mkazi wina, kenako anakalembedwa ntchito yoyendetsa galimoto m'nyumba ya mayi ake omwe, osamuzindikira. Apongozi anga anatsamiranso pa mpando. Kenako anati gogoyu ndi munthu wabwino koma akusokoneza ndi filimu ina, ukalamba umatero. Zimenezi sindinamasulire.

Ndinkayesa kuti tathera pomwepo. Koma gogo uja anasendeza nkhope pafupi ndi foni, analoza mpongozi wake ndi chala n'kunena mawu angapo akuthwa. Mayi uja anatsokomola pang'ono n'kundiuza kuti akuti akumusowa kwambiri. Ine ndinapereka momwemo. Apongozi anga anayang'ana chala chija, anayang'ana nkhope ya gogoyo, ndipo anati:

“Amake mwana, chala chimenecho si cha kusowa munthu. Auzeni kuti ndamva. Auzeni kuti wanganso ndi chimodzimodzi, kuphika amaphika maso ali pa foni, ndipo mwana ndi mmodzi yemweyo chaka ndi chaka.”

Ndinatembenukira kwa mayi uja n'kunena m'Chingerezi kuti apongozi anga akuti ndine wolimbikira ntchito ndipo mwana wanga amakhoza kusukulu. Iye anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. M'maso mwake ndinaona kuti wadziwa, ndiponso kuti zomwe anandipatsa poyamba zija zinali zotsukatsuka ngati zangazi. Anapereka uthengawo kwa gogoyo ndi nkhope ya kutchalitchi.

Zinapitirira choncho kwa nthawi ndithu. Kuchokera ku Indiya kunkabwera mawu aatali okhala ndi kuusa moyo, n'kufika kwa ine ali akuti mpongozi wawo ndi wophunzira kwambiri. Kuchokera ku Khonjeni kunkanyamuka nkhani ya makatani anga, n'kukafika ili yakuti ndimakonda zinthu zokhalitsa. Koma azimayi awiriwo sanachedwe kutitulukira. Gogo uja anakweza chala chimodzi, kenako anapanga ngati akunyamula khanda, n'kutambasula manja opanda kanthu. Apongozi anga anaomba m'manja, anakweza chala chimodzi nawonso n'kundiloza. Gogoyo anatsina mchere wa m'malere n'kugwedeza mutu. Apongozi anga anaseka mpaka misozi, akuyankha m'Chilomwe, gogoyo akuyankha m'chakwawo, onse awiri nthawi imodzi. Ife omasulira ntchito inatithera. Mayi uja ananditengera kukhitchini kuti akandionetse momwe amaviikira nandolo wa timakeke tija, ndipo tili komweko anandifunsa motsitsa mawu ngati zinali za mwana. Ndinavomera. Anati kwa iye ndi nkhani ya tsiku lililonse, ndipo akakhala kuti sanayankhulane pa foni gogoyo sadya.

Pobwerera apongozi anga anayenda patsogolo, osafuna kugwiridwa dzanja pa malo oterera. Anati gogo uja ndi mzimayi wanzeru amene akuvutika ndi ana amakono ngati wina aliyense. Za kuthawa ndi kumetedwa sanazitchulenso. Tili pafupi ndi nyumba anandiuza, ngati nkhani yongodutsa, kuti mwambo wogwira mapazi uja ndi wabwino ndipo sufuna ndalama. Ndinati ndamva. Kwa sabata yathunthu ankakhala pa mpando mapazi atatambasulira panjira yanga yopita kukhitchini, ine n'kumawalambalala mwaulemu.

Azimayi a m'malayini anawauza zonse za ulendowo, kupatula za nkhope yatsopano, poti sankazikhulupirira. Ndiye tsiku lina m'nyumba ya masitepe munalowa dalaivala wachilendo, kugunda kuja n'kuyamba. Apongozi anga anaimirira pakati pa balaza n'kulengeza kuti ameneyo ndi mwana wa m'nyumbamo, aliyense asunge mawu awo. Azimayiwo anatsutsa. Zitadzaululika patapita milungu, mbiri yawo inafika mpaka ku sikelo koyezera tiyi, ndipo sanaone chifukwa chofotokozera komwe anazitenga.

Mvula yoyamba itagwa, alamu anga anaimba foni kuti mbuzi ziwiri zalowa m'munda wa eni ake ndipo nkhani ili kwa amfumu. Apo ndiye anamanga katundu. Kumudzi kulibe magetsi, choncho anandisiyira lamulo loti ndizionera ndi kuwaimbira. Ndinkatero, ndipo ndikafupikitsa ankadziwa. Mayi wachimwenye uja anayamba kumatsika kunyumba kwathu masana ena, poyamba kudzaphunzira kuphika mkhwani wotendera, kenako n'kumakhalira filimu yomwe ankati imamupweteketsa mutu. Ankakhala chammbali akunyoza chilichonse, kuti kwawo palibe munthu amavala choncho pophika, koma ikafika pothera ankafunsa kuti mawa ndi nthawi yomweyo kodi.

Kontirakiti ya amuna ake inatha chaka chotsatira. Asananyamuke anabwera ndi phukusi lochokera kwa gogo uja, loti lipite ku Khonjeni. Munali sari, nsalu yaitali ija amavala azimayi a kwawo, yobiriwira, ya mkombero wagolide mbali imodzi. Tinapita nayo limodzi pa galimoto ya amuna ake, ndipo mayiyo anawaveka apongozi anga kuseri kwa nyumba, kupinda ndi kusomeka, mudzi wonse ukudikira pabwalo. Anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, anajambulitsa pafupi ndi khola la mbuzi, chithunzi n'kupita ku Indiya tsiku lomwelo.

Pa Khirisimasi tinapita kukawaona apongozi anga. Anandiitanira m'nyumba n'kutulutsa nsalu yobiriwira yopindidwa bwino, yopendera m'mbali ndi makina. Anati nsalu ija inali yaitali mopanda nzeru, munthu sungapite nayo kumunda kapena kumaliro, ndiye anapita nayo kwa telala ndipo munatuluka zitenje zitatu. Chimodzi ndi chawo, china cha alamu anga, china changa. Nditachitambasula ndinaona kuti chigawo chokhala ndi maluwa agolide ambiri chinatsala kwa eni ake. Ndinathokoza, ndinachimanga m'chiuno pomwepo, ndipo anandizungulira akuchikoka apa ndi apo, n'kunena kuti chandikhala, kungoti ndimamanga mopepera.